Mbiri ya Lusaka imayambira pa msewu wa ku Makeni

M'mawa wa pa 19 Meyi 1986, ndege zankhondo za dziko la South Africa zinaponya mabomba ku Makeni, kummwera chakumadzulo kwa mzinda wa Lusaka. Boma la ku Pretoria linati linkasaka malo a ANC, chipani cha omenyera ufulu a dzikolo. Mabombawo anagwera pamalo osungirako anthu othawa kwawo, ndipo anthu awiri anafa. Tsiku lomwelo asilikali a dzikolo anaukiranso Harare ndi Gaborone. Nthumwi za mayiko a Commonwealth, motsogozedwa ndi Olusegun Obasanjo wa ku Nigeria ndi Malcolm Fraser wa ku Australia, zinali ku South Africa kuyesa kuti boma la tsankho likhale pansi ndi omenyera ufulu. Zitamva za mabombawo, zinalongedza katundu n'kubwerera kwawo, ndipo ntchito yawo inathera pomwepo.

Mnyamata kapena mtsikana wa zaka 16 wokulira ku Makeni lero akhoza kufika polemba mayeso a Giredi 12 asanamvepo nkhani imeneyi. Makeni amene iye amamudziwa ndi wa mapuloti akuluakulu, makola a nkhuku, mashopu a m'mbali mwa Kafue Road ndi mlatho wodutsa pamwamba pa msewu. Chonsecho dera lake lomweli linatchulidwa m'nyuzipepala za mayiko ambiri, ndipo ena mwa anthu amene anamva kulira kwa ndegezo akadali moyo, amagula tomato pamsika umodzi ndi amayi ake.

Mabanja amene amaphunzitsa ana awo a sekondale pakhomo ali ndi chuma chimene sukulu zambiri zilibe, chomwe ndi nthawi. Ulendo wa sukulu umakhala wa basi yodzaza, mphunzitsi akuwerenga mitu, ola limodzi pamalo, chithunzi, kenako chakudya. Kholo la ku Makeni likhoza kutenga ana awiri kapena atatu Lachiwiri m'mawa, kukakhala pamalo amodzi mpaka mafunso atatha, n'kubwereranso sabata yamawa ngati sanathe. Funso limene limavuta ndi lakuti apite kuti, poti ambiri amati Lusaka ndi mzinda wadzana, wopanda mbiri, ndipo wofuna zakale apite ku Livingstone. Maganizo amenewa ndi olakwika. Mbiri ya Lusaka ilipo yambiri, kungoti siili m'nyumba zikuluzikulu. Ili m'tinyumba ting'onoting'ono, m'mayina a makomboni, ndi m'mene misewu inayalidwira.

Phunziro loyamba lili pansi pa mapazi. Lusaka anamangidwa pa mwala wa laimu, mwala umene madzi amaudya pang'onopang'ono n'kusiya ming'alu ndi mapanga. Makilomita oposa 20 kummwera chakumadzulo kwa mzinda, mbali yomweyi ya Makeni, kuli kaphiri ka Twin Rivers, kumene J. Desmond Clark anafukula zida zamiyala m'zaka za m'ma 1950, ndipo Larry Barham anabwererako mu 1999 n'kupeza timiyala ta utoto wamitundumitundu timene anthu ankapera zaka zoposa 200,000 zapitazo. Ndi umodzi mwa maumboni akale kwambiri padziko lonse osonyeza anthu akugwiritsa ntchito utoto. Mwala womwewu ndiwo unakopa Mtaliyana Marrapodi, wowotcha laimu amene dzina lake linatsalira pa komboni ya kumpoto kwa tawuni, ndiwonso unachititsa kuti fakitale ya simenti ikhazikitsidwe ku Chilanga mu 1949. Simenti ya ku Chilanga inapita kukamanga damu la Kariba. Koma mwalawu uli ndi mbali yake yowawa. Mvula ikagwa kwambiri madzi a pansi amakwera msanga, Kanyama ndi Misisi zimasefukira, ndipo zonyansa za m'zimbudzi zokumba zimadutsa m'ming'alu kukalowa m'zitsime. Kolera wa 2017 ndi 2018 anakantha kwambiri Kanyama, ndipo wa kumayambiriro kwa 2024 anachititsa kuti bwalo la National Heroes Stadium lisanduke chipatala, sukulu n'kuchedwa kutsegulidwa mpaka Febuluwale. Wophunzira amene waima pa dzenje lakale la miyala lodzaza madzi, naona amayi akuswa miyala m'mbali mwa msewu, amamvetsa jogalafe, sayansi ndi zaumoyo nthawi imodzi, kuposa mmene akanamvera pa chithunzi cha m'buku.

Kuchokera ku Makeni, minibasi imatsata Kafue Road mpaka kukalowa m'tawuni, ndipo kumeneko njanji imaonekera. Njanjiyo ndiyo mayi wa mzindawu. Mu 1905, chaka chimene mlatho wa ku Victoria Falls unatsegulidwa, omanga njanji yopita ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, anafika kuno n'kuika kasiteshoni kopatukirapo sitima. Anakatcha dzina la mfumu ya mudzi wapafupi, a Lusaaka, amene mudzi wawo unali cha ku Manda Hill, kumene kuli Nyumba ya Malamulo. Dzikoli linali la Asoli ndi Alenje, ndipo mpaka lero Asoli amachita mwambo wa Chakwela Makumbi ku Chongwe, pansi pa Mfumu yaikulu Nkomeshya Mukamambo II. Alimi achizungu, ambiri a iwo Mabunu, anatsatira njanji n'kutenga minda. Mu 1913 kamudzi ka pasiteshoni kanapatsidwa bungwe lokayendetsa, n'chifukwa chake Lusaka anakondwerera zaka 100 mu 2013. Msewu woyandikana ndi njanji anautcha Cairo Road, pokumbukira loto la Cecil Rhodes lolumikiza Cape Town ndi Cairo.

Pa Cairo Road ndi bwino kuyenda pansi, kuyambira ku raundabauti ya kummwera mpaka ya kumpoto, ndipo kholo lifotokoze za zenera. M'nthawi ya atsamunda, munthu wakuda m'masitolo ambiri a azungu sankaloledwa kulowa pakhomo. Ankaima panja, kupereka ndalama pa kazenera ka m'mbali, n'kulandira chimene wogulitsa wamusankhira, ndipo ku butchala chimenecho kawirikawiri inali nyama yotsala. M'zaka za m'ma 1950 chipani cha African National Congress cha Harry Mwaanga Nkumbula, chosiyana ndi ANC ya ku South Africa, chinatsogolera anthu kunyanyala mabutchala a mu Lusaka. Ndale za ufulu zinayambira pa zinthu ngati zimenezi, zimene mayi aliyense ankaziona ndi maso ake.

Kusintha kwakukulu kunabwera mu 1931, boma la Northern Rhodesia litaganiza zochotsa likulu ku Livingstone, komwe kunali kotentha ndiponso kumalire a dziko. Pulofesa Stanley Adshead wa ku London analemba mapulani a mzinda wa mitengo ndi misewu yotakata, pa chitunda cha kummawa kwa njanji chimene chimatchedwa Ridgeway, ndipo likulu linasamuka mu 1935. Woyenda pa Independence Avenue lero amawaona mapulaniwo ndi maso: maofesi akale a boma, High Court, State House yomwe inali nyumba ya bwanamkubwa, ndi tchalitchi chachikulu cha Anglican cha Holy Cross chimene chinatsegulidwa mu 1962. Mzindawu unakonzedwa ngati wa azungu. Munthu wakuda ankaonedwa ngati mlendo wobwera kudzagwira ntchito, woyenda ndi chitupa, woyenera kubwerera kumudzi ntchito ikatha.

Umboni wake uli ku Kabwata, ndipo pa maulendo onse uwu ndi umene suyenera kuphonyedwa. Pa Burma Road pali Kabwata Cultural Village, kumene alendo amapita kukagula ziboliboli, madengu ndi zitenje. Ambiri amaganiza kuti nyumba zozungulira zofolera udzu zimene zili pamenepo zinamangidwa kuti zisangalatse alendowo. Ayi. Zimenezi ndi nyumba zenizeni zimene boma la atsamunda linamangira antchito akuda m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, chipinda chimodzi, poganiza kuti mokhala mwake mudzakhala mwamuna yekha wopanda banja. Zinalipo mazana angapo. Zambiri zinagwetsedwa m'zaka za m'ma 1970 kuti pamangidwe nyumba zosanja za Kabwata, ndipo 43 zinasungidwa mu 1974. Wophunzira atenge tepi yoyezera, apemphe chilolezo kwa amisiri osema amene amagwiriramo ntchito, ayeze m'kati mwa nyumba imodzi. Kenako afunse kuti mkazi ndi ana akabwera kuchokera ku Petauke kapena ku Dedza ankagona pati. Yankho lake ndilo chiyambi cha makomboni. Anthu osowa malo m'nyumba za boma ankachita lendi pa minda ya azungu ndi pa malo a makontalakitala, ndipo mayina ngati John Laing, John Howard ndi George anachokera kwa eni malowo. Boma la Zambia linadzavomereza makomboni ambiri mwalamulo mu 1974, pamene ntchito yothandizidwa ndi World Bank inayamba kubweretsa mipopi ndi misewu ku Chawama, George ndi Chaisa. Lero Lusaka ali ndi anthu oposa 2 miliyoni, ndipo ambiri a iwo amakhala m'madera amene Adshead sanawajambule n'komwe.

M'makomboni amenewa ndi mmene Chinyanja chinakhalira chilankhulo cha mzinda, ngakhale eni nthaka anali Asoli ndi Alenje. Apolisi ndi asilikali a atsamunda ankagwiritsa ntchito Chinyanja, ndipo msewu wa Great East Road unabweretsa Achewa, Ansenga, Angoni ndi Atumbuka ochokera kummawa, pamodzi ndi anthu a ku Nyasaland ofuna ntchito ya ukalaliki, ukhukhi ndi umisiri.

Pafupi ndi Kabwata pali Chilenje, ndipo ku Chilenje kuli nyumba nambala 394. Kenneth Kaunda anakhalamo kuyambira Januwale 1960 mpaka Disembala 1962. Anali atangotuluka kundende, chipani chake cha ZANC chitaletsedwa mu Malichi 1959, ndipo atatuluka analandira utsogoleri wa chipani cha UNIP kuchokera kwa Mainza Chona. M'kanyumba aka, kofanana ndi tinzake ta mumzerewo, munakambidwa za zionetsero za Cha Cha Cha za mu 1961 ndi za chisankho cha 1962. Muli mipando ndi ziwiya za nthawiyo, ndipo panja pali Land Rover imene inkayenda maulendo a chipani. Chimene chimagwira mtima wa wachinyamata ndi kuchepa kwa malowo: banja la ana ambiri, alendo osatha, apolisi akuzungulira panja. Owerenga a ku Malawi adziwenso kuti bambo ake a Kaunda, David Kaunda, anali mphunzitsi ndi mlaliki wochokera ku Nyasaland, wotumidwa ndi mishoni ya Livingstonia kukagwira ntchito ku Chinsali. Koma kholo lisabise mbali ina ya nkhaniyi. Mu Juni 1990, mtengo wa ufa utakwera, zipolowe zinabuka mu Lusaka ndipo mkwiyo wa anthu unafika mpaka pa malo ano. Chaka chotsatira Kaunda anagonja pa chisankho kwa Frederick Chiluba, navomereza. Nyumba imodzi yomweyi ikhoza kuphunzitsa mmene mtsogoleri amakwerera, mmene boma la chipani chimodzi linatopetsera anthu, ndi ulemu umene uli m'kuvomera kugonja.

Freedom Statue ndi Lusaka National Museum zili moyandikana pa Independence Avenue, ndipo tsiku limodzi limakwanira zonse ziwiri. Chipilalacho chinaimikidwa mu 1974, dziko litakwanitsa zaka 10 za ufulu, ndipo chimaonetsa munthu akudula maunyolo, pokumbukira womenyera ufulu Zanco Mpundu Mutembo. Chithunzi chake chinakhala pa ndalama za pepala kwa zaka zambiri. Myuziyamu inatsegulidwa mu 1996, m'nyumba imene poyamba inali mbali ya mapulani a likulu la UNIP. Kumeneko afunse za Julia Chikamoneka, mayi amene mu 1960 anatsogolera amayi anzake kukaonetsa mkwiyo wawo pamaso pa nduna ya ku Britain yoona za maiko a atsamunda, Iain Macleod, atavula malaya pofuna kusonyeza kukula kwa chisoni chawo. Embassy Park, kumene kuli manda a atsogoleri akale a dziko, Levy Mwanawasa, Chiluba, Michael Sata, Kaunda ndi Rupiah Banda, ili pa msewu womwewo.

Gawo la mbiri limene limasiyanitsa Lusaka ndi mizinda ina yonse ya kuno kummwera ndi la zaka za pakati pa 1964 ndi 1990, pamene mzindawu unali khomo la omenyera ufulu a mayiko oyandikana nawo. ANC, ZAPU, ZANU, SWAPO, MPLA ndi FRELIMO onse anali ndi anthu awo kuno, ndipo ambiri anali ndi maofesi pa Liberation Centre ku Kamwala. Anthu a mu Lusaka analipira mtengo wake. Pa 18 Malichi 1975, Herbert Chitepo, wapampando wa ZANU, anaphedwa ndi bomba limene linatcheredwa m'galimoto yake ya Volkswagen pakhomo pake ku Chilenje South. Komiti yofufuza imene Kaunda anakhazikitsa inaloza chala mikangano ya m'chipani momwemo, pamene anthu a boma la Rhodesia anadzanena patapita zaka kuti akazitape awo ndiwo anachita. Kwa wophunzira wa Giredi 11 kapena 12, imeneyi ndi ntchito yabwino kwambiri: maumboni awiri otsutsana, aliyense woperekedwa ndi anthu okhala ndi zifukwa zawo, ndipo iye ayese kuwayeza.

Pa 19 Okutobala 1978 ndege za Rhodesia zinaphulitsa kampu ya ZAPU ku Chikumbi, kumpoto kwa mzinda, n'kupha anthu oposa 200, uku mkulu wa ndegezo, wodzitcha Green Leader, akulamula pa wailesi oyang'anira bwalo la ndege la Lusaka kuti ndege za Zambia zisanyamuke. Mu Epulo 1979 asilikali a Rhodesia analowa pa magalimoto mpaka pakati pa mzinda n'kugumula nyumba ya Joshua Nkomo, mtsogoleri wa ZAPU, pafupi ndi State House, koma mwini wake sanamupeze. Miyezi inayi pambuyo pake atsogoleri a Commonwealth anakumana ku Mulungushi, holo imene inamangidwira msonkhano wa mayiko osalowerera mbali mu 1970, ndipo zimene anagwirizana kumeneko zinatsegula njira ya zokambirana za ku Lancaster House ndi ufulu wa Zimbabwe mu 1980.

Ku Chelstone kuli nyumba imene Oliver Tambo ankakhala pamene ankatsogolera ANC ali kunja kwa dziko lake. Inatsegulidwa ngati malo a chikumbutso mu Okutobala 2017, pamene Tambo akanakwanitsa zaka 100, ndipo atsogoleri a Zambia ndi South Africa a nthawiyo, Edgar Lungu ndi Jacob Zuma, analipo. Nelson Mandela atatuluka m'ndende pa 11 Febuluwale 1990, ulendo wake woyamba wa kunja unali wa ku Lusaka, kumapeto kwa mwezi womwewo. Amalawi nawonso ali ndi gawo lawo. Mtolankhani Mkwapatira Mhango, amene anathawa boma la Kamuzu Banda, anafa mu Okutobala 1989 nyumba yake ya mu Lusaka itaponyeredwa bomba la petulo, ndipo anafa pamodzi ndi ambiri a m'banja lake. Mu Malichi 1992 Amalawi otsutsa boma anakumana mu Lusaka, ndipo mmodzi wa iwo, Chakufwa Chihana, anabwerera kwawo pa 6 Epulo n'kumangidwa atangotsika ndege.

Malo ambiri a nkhani zimenezi alibe chikwangwani, ndipo apa ndi pamene wophunzira wa pakhomo amaposa anzake. Ulendo wake ukhoza kukhala wa kukhonde la agogo a nyumba yachitatu kuchokera kwawo. Apite ndi kope ndi foni yojambulira mawu, agwade, apereke moni, apemphe chilolezo, kenako afunse mwaulemu: "Agogo, kuno munabwera liti? Malo ano anali a yani? Nthawi ya ndege za Rhodesia munkagona bwanji?" Makeni ali ndi anthu ochokera mbali zambiri, ndipo mabungwe ake akale, monga Makeni Ecumenical Centre imene wansembe wa Anglican Pierre Dil anayambitsa mu 1971 kuti iphunzitse anthu ulimi ndi ntchito zamanja, komanso Makeni Islamic Society Trust ndi sukulu ndi chipatala chake, ali ndi akuluakulu amene anaona deralo likusintha kuchoka pa minda kufika pa mapuloti a mipanda ya njerwa.

Pali ulendo wina waufupi umene umakhudza ophunzirawa mwachindunji, chifukwa ndi wa mbiri ya sukulu. Kabulonga Boys ndi Kabulonga Girls poyamba zinali Gilbert Rennie ndi Jean Rennie, mayina a bwanamkubwa ndi mkazi wake, ndipo zinali za ana a azungu. Mwana wakuda wanzeru njira yake inali Munali, imene inayamba maphunziro a sekondale chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 ndipo kwa nthawi yaitali inali yokhayo ya boma m'dziko lonse yophunzitsa anyamata akuda mpaka pamwamba. Kaunda anaphunzira kumeneko. Pa 24 Okutobala 1964, tsiku la ufulu, dziko lonse linali ndi anthu akuda pafupifupi 100 okha okhala ndi digiri, n'chifukwa chake University of Zambia inatsegulidwa mofulumira mu 1966. Mwana amene makolo ake lero akhoza kusankha pakati pa sukulu ya boma, ya pulayiveti kapena kuphunzira pakhomo ayenera kudziwa kuti agogo ake mwayi wosankha analibe.

Kwa ophunzira akuluakulu, maulendo onsewa akathere ku National Archives of Zambia, ku Ridgeway. Ndi malo a chete, a malamulo, ndipo ndi bwino kufunsiratu za chilolezo ndi malipiro ake. Kumeneko kuli mabuku amene ma DC ankalembamo za boma lililonse, mayina a mafumu, misonkho ndi milandu. Kuli mapu akale, zithunzi, ndi nyuzipepala monga Central African Post imene Alexander Scott anayambitsa mu Lusaka mu 1948. Kulinso Mutende, nyuzipepala imene boma linayamba kusindikizira anthu akuda mu 1936 m'Chingerezi, Chibemba, Chinyanja, Chitonga ndi Chilozi. Wophunzira wa ku Makeni akhoza kuwerenga yekha masamba a Chinyanja amenewo popanda womasulira, kuona zimene boma linkafuna kuti anthu amve pa za msonkho, chitupa ndi nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, n'kuziyerekeza ndi zimene anayeza ku Kabwata ndi zimene agogo anamuuza pakhonde.